Chindapusa cha madola 20 ndi mphamvu za Akhristu pa chisankho ku Australia

Lamulungu lina titaweruka mapemphero, tili pa tiyi m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi, mkulu wa mpingo wathu kuno kumadzulo kwa Sydney anandikokera pambali. Bambowa ndi akwathu ku Malawi komwe, anafika ku Australia ine ndisanabwere, ndipo ndimawalemekeza ngati ondibereka. Anati: "Mayi, inu mumatsata za ndale. Tandiuzani, bwanji Akhristu a ku America akayankhula boma limanjenjemera, koma ife kuno tikayankhula amangotidutsa ngati oyimba a pa siteshoni ya sitima?" Ndisanatsegule pakamwa anadziyankha okha. Vuto, iwo anati, ndi lamulo lokakamiza aliyense kuvota. "Amatenga munthu amene sanaganizepo za dziko ngakhale tsiku limodzi, wachezera mowa usiku wonse, n'kumukokera ku bokosi pomuopseza ndi chindapusa. Voti yake ikufafaniza yanga, ine amene ndapemphera ndi kusala kudya chifukwa cha chisankho chimenechi. Akanati azivota ofuna okha, ife a mipingo tikanamveka."

Pa masamu bambowa sanalakwe. Lamulolo litachotsedwa, mphamvu za Akhristu onga iwo pa chisankho zingakuledi. Pomwe tasiyana ndi apa: iwo akuti n'chifukwa chake lichotsedwe, ine ndikuti n'chifukwa chake lisungidwe. Ndikunena izi ngati Mkhristu mnzawo wodya nawo mgonero pa gome limodzi, ndipo pa nkhani zambiri za banja ndi za mwana amene ali m'mimba maganizo anga sali kutali ndi awo.

Lamuloli ndi lakale. Chigawo cha Queensland ndicho chinayamba mu 1915. Pa chisankho cha dziko lonse cha 1922 anavota anthu 59 okha pa 100 alionse olembetsa, ndipo aphungu anachita manyazi. Mu 1924 seneta wa ku Tasmania, Herbert Payne, anabweretsa bilu yokakamiza kuvota, nyumba zonse ziwiri zinaivomereza popanda kukangana kwenikweni, ndipo pa chisankho cha 1925 chiwerengero chinalumpha kupitirira 91 pa 100. Kuyambira pamenepo chakhala chikuzungulira pa 90 kapena kuposerapo. Wosavota amalandira kalata yochokera ku bungwe loyendetsa zisankho la AEC yomufunsa chifukwa chake. Akapereka chifukwa chomveka, monga matenda kapena ulendo, nkhani yatha. Akapanda kutero amalipira madola 20, ndalama zosakwana n'komwe malipiro a ola limodzi a munthu wolandira zochepetsetsa.

Amene sanakhalepo kuno angaganize kuti tsiku lovota limakhala la nkhope zokwinyika, anthu akuguba ngati opita ku thangata. Ayi ndithu. Chisankho chimachitika Loweruka, nthawi zambiri pa sukulu ya pulayimale yoyandikana ndi kwanu. Pa 3 May 2025 ndinaima pa mzere wa pa sukulu ya kwathu, kutsogolo kwanga mayi wachisilamu ndi ana ake awiri, kumbuyo kwanga mnyamata wa zomangamanga nsapato zili simenti yokhayokha. Pa geti pali anthu a zipani atavala malaya a mitundu yawo, aliyense akukutambasulira kapepala kosonyeza momwe akufuna ulembere manambala. Chakumbali makolo a ana a pasukulupo akuwotcha soseji, kuiika pa buledi ndi anyezi wokazinga, kugulitsa kuti apeze ndalama za sukulu. Amaitcha soseji ya demokalase. Ukalowa amafunsa dzina ndi kumene ukukhala, amakuchonga m'kaundula, amakupatsa pepala lobiriwira la phungu wa dera ndi loyera lalitali la maseneta, n'kukulozera kachipinda ka katoni komwe kali ndi pensulo. Zimene ulembe m'menemo palibe amene amaziona. Ukafuna ungaponye pepala losalemba kanthu, ndipo alipo amene amatero. Chimene boma lingathe kukukakamiza ndi kufika basi.

Tsono tiyeni tione dziko limene mkulu wa mpingo uja amalisirira. Ku America kuvota n'kofuna wekha, tsiku lake ndi Lachiwiri anthu ali pa ntchito, ndipo m'zigawo zambiri kulembetsa ndi chintchito chapachokha. Pa chisankho cha pulezidenti cha 2020, chimene chinakoka anthu ambiri kuposa zisankho zonse za zaka zoposa 100, anavota pafupifupi awiri mwa atatu alionse oyenera kuvota. Pa chisankho cha aphungu cha 2014 sanafike n'komwe 40 pa 100. Pa zisankho zachipulula, pomwe zipani zimasankha oziyimira, amafika ochepa kwambiri kuposa apa. M'dziko lotere wandale sataya nthawi yambiri kunyengerera munthu wa maganizo apakatikati. Ntchito yaikulu ndi kudzutsa anthu ake kuti atuluke m'nyumba. Ndipo palibe gulu lodziwa kutulutsa anthu m'nyumba kuposa mpingo. Mpingo uli ndi kaundula wa mayina, uli ndi mabasi, uli ndi guwa sabata iliyonse, uli ndi amayi a m'magulu amene amadziwa amene wadwala ndi amene wafooka.

A ndale a kumeneko anazindikira zimenezi kalekale, ndipo sanabise. Paul Weyrich, mmodzi mwa amene anathandiza mbusa Jerry Falwell kukhazikitsa bungwe la Moral Majority mu 1979, anauza msonkhano wa atsogoleri achikhristu ku Dallas mu 1980 kuti iye safuna kuti aliyense azivota, chifukwa mphamvu za gulu lawo pa zisankho zimakwera pamene chiwerengero cha ovota chikutsika. Mawu amenewa amandipweteka mumtima nthawi zonse ndikawakumbuka, chifukwa anayankhulidwa pamaso pa abusa. Pokonzekera chisankho cha 2004, Karl Rove, mlangizi wa George W. Bush, ankadandaula poyera kuti Akhristu a evanjeliko pafupifupi 4 miliyoni anakhala kunyumba mu 2000, ndipo kampeni yonse inalunjika pa kuwatulutsa. Tsiku lomwelo la chisankho, zigawo 11 zinavotanso pa zoletsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Mu 2016 azungu a evanjeliko analipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amene anavota, chikhalirecho pa anthu onse a m'dzikolo sakwana mmodzi mwa asanu, ndipo 81 pa 100 mwa iwo anavotera Donald Trump. Malipiro awo anawalandira: majaji atatu ku khothi lalikulu, ndi chigamulo cha pa 24 June 2022 chimene chinagwetsa ufulu wochotsa mimba umene unalipo m'dziko lonse kuyambira 1973.

Bambo aja akamva zimenezi amati, "Mwaona, Mayi? Ndi zimenezo." Koma ndimawapempha kuti amve zimene zinachitika patangopita milungu isanu ndi umodzi. Ku Kansas, chigawo chimene chimavotera chipani cha Republican pa upulezidenti kwa zaka makumi ambiri, aphungu anakonza riferendamu yochotsa chitetezo cha kuchotsa mimba m'malamulo aakulu a chigawocho. Sanaiike mu November pomwe anthu ambiri amavota. Anaiika pa 2 August 2022, tsiku la zisankho zachipulula, pomwe anthu opanda chipani sazolowera kufika. Anthu anatulukabe mwaunyinji, ndipo 59 pa 100 anakana. Tanthauzo lake n'loti chipambano cha ku khothi chija chinafika mitima ya anthu isanakopeke. Anapambana pa kawerengedwe ka amene afika ndi amene sanafike, koma oyandikana nawo nyumba sanawatembenuze. Ine amene ndimakhulupirira kuti moyo wa m'mimba ndi moyo, ndikuona kuti imeneyi ndi nyumba yomanga pa mchenga, ndipo yasiya achinyamata ambiri a ku America akuona mpingo ngati nthambi ya chipani.

Ku Australia njira yotereyi siyenda. Wandale sangapambane podzutsa anthu ake okha chifukwa onse adzuka kale, ake ndi a mnzake omwe. Ndiponso pa pepala lobiriwira lija sulemba chizindikiro chimodzi. Umalemba manambala pa mayina onse, 1 kwa amene ukumufunitsitsa mpaka wotsiriza. Wotsalira amachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa amene ovotawo anamuika pachiwiri, mpaka wina apitirire theka. Choncho phungu amafunika kukhala munthu amene ngakhale osamukonda angamuike pachiwiri kapena pachitatu. Wonyoza theka la dera lake kuti asangalatse gulu limodzi amadzikumbira yekha dzenje.

Kodi ndiye kuti Akhristu ogwiritsitsa chiphunzitso chakale alibe mawu kuno? Mbiri ikukana. Brian Harradine, Mkatolika wa ku Tasmania amene anakhala seneta woyima payekha kuchokera 1975 mpaka 2005, anagwiritsa ntchito voti yake imodzi mu 1996 kuti mankhwala ochotsera mimba a RU486 asalowe m'dziko popanda chilolezo cha nduna ya zaumoyo, ndipo zinakhala choncho zaka khumi. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku Canberra inafafaniza lamulo la ku Northern Territory lolola odwala mwakayakaya kuthandizidwa kufa, kudzera mu bilu ya Kevin Andrews. Mu 2004 boma la John Howard linalemba m'malamulo kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, chipani cha Labor chikuvomereza. Chaka chomwecho Steve Fielding wa chipani cha Family First anapambana mpando wa useneta ndi mavoti oyamba osakwana 2 pa 100 ku Victoria, chifukwa cha mgwirizano wa zipani pa kagawidwe ka mavoti otsalira, njira imene inadzathetsedwa mu 2016. Mbusa Fred Nile anakhala m'nyumba ya malamulo ya New South Wales pafupifupi zaka 40. Ndipo kuchokera 2018 mpaka 2022 nduna yaikulu inali Scott Morrison, wa mpingo wa Pentekoste, amene anajambulidwa pa Pasaka wa 2019 akupembedza dzanja lili m'mwamba, ndipo atapambana chisankho chimene onse ankati agonja, ananena kuti wakhala akukhulupirira zozizwitsa.

Chisankho cha 2019 chimenecho ndicho umboni umene ndimaukonda kwambiri. Chipani cha Labor chitagonja chinachita kafukufuku wa zimene zinalakwika, motsogozedwa ndi Craig Emerson ndi Jay Weatherill, ndipo china mwa zimene anapeza n'chakuti Akhristu odzipereka, makamaka obwera kuchokera kumayiko ena, anachitembenukira chipanicho. Amenewo ndife. Ndi ife a ku Africa, a ku zilumba za Pacific, a ku Philippines, a ku Lebanon, odzaza matchalitchi a kumadzulo kwa Sydney. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za usiku, ena ziwiri, ndipo kukanakhala kofuna wekha sindikukayika kuti ambiri tikanagona Loweruka limenelo. Lamulo lomwe bambo aja akulida ndi limene linatitengera ku bokosi, ndipo zipani zonse ziwiri zinaphunzira kuti sizingatinyalanyaze.

Chimene lamuloli limakana ndi kuti tilemere kuposa momwe tilili. Kalembera wa 2021 anapeza kuti odzitcha Akhristu ndi 43.9 pa 100, opanda chipembedzo 38.9 pa 100. Mu 1971 Akhristu anali 86 pa 100. Ndipo mwa odzitcha Akhristuwo, olowa m'tchalitchi Lamulungu lililonse ndi kagawo kochepa. Izi n'zowawa kuzimva koma n'zoona, ndipo dziko limene aliyense amavota limakuuza zoona zimenezi pamaso. Mu 2017 boma linafunsa anthu kudzera pa positi ngati amuna kapena akazi okhaokha aloledwe kukwatirana. Kumeneku kunali kofuna wekha, koma anthu ozolowera kuvota anayankha 79.5 pa 100, ndipo 61.6 pa 100 anati inde. Mwa madera 150 a aphungu, 17 okha ndi amene anati ayi, ndipo 12 mwa amenewo anali kuno ku Sydney, ambiri mwa iwo kumadzulo. Dera la Blaxland linakana ndi 73.9 pa 100, pamene dera la Warringah la Tony Abbott, mtsogoleri wa okana, linavomera ndi 75 pa 100. Ine ndinali mbali ya ayi. Tinagonja, ndipo ndinadziwa kuti tagonja mwachilungamo, chifukwa panalibe mamiliyoni obisika amene tikanati akanafika zinthu zikanasintha. Kugonja kotere kumapweteka koma sikusiya chidani chokayikirana.

Mu February 2022 Morrison anayesa kupereka kwa mipingo lamulo limene anailonjeza loteteza anthu opembedza ku tsankho. Nyumba inachezera usiku wonse, ndipo aphungu asanu a chipani chake chomwe anavota ndi otsutsa pofuna kuteteza ana a sukulu osintha chibadwa chawo kuti asamachotsedwe m'sukulu za mipingo. Bungwe la Australian Christian Lobby linati bilu yasokonekera, boma linaibweza. Ambiri mwa aphungu amenewo anali a madera a m'mizinda momwe ankadziwa kuti aliyense adzafika ku bokosi, wopemphera ndi wosapemphera. Ine ndikanakonda kuti lamulo loteteza opembedza lidutse, ndipo ndikuonabe kuti likufunika. Koma njira yake ndi kukopa anthu a m'madera amenewo, chifukwa palibe chidule chowazemba.

Pali malo amodzi m'ndale za kuno pomwe kufika n'kofuna wekha, ndipo pamenepo m'pomwe mungaone zimene bambo aja akupempha. Ndi m'nthambi za zipani, momwe mamembala amasankha amene adzaimire chipani. Mamembala ndi ochepa, ambiri okalamba, ndipo pa msonkhano wa usiku wa pakati pa sabata amafika anthu oti n'kukwana m'minibasi ziwiri. Ku Victoria ndi ku South Australia zakhala zikumveka kuti andale ena a Liberal, chipani cha Morrison chija, akulembetsa anthu a m'mipingo mwaunyinji kuti alande nthambi zimenezi, ndipo ku South Australia seneta Alex Antic sanabise kuti akulimbikitsa Akhristu kulowa chipani. Palibe cholakwika kuti Mkhristu alowe chipani, ndi ufulu wake. Koma taonani zotsatira. Kanthambi kamasankha munthu wokoma kwa anthu makumi angapo a m'chipindamo, kenako munthuyo amakakumana ndi dera lonse la ovota zikwizikwi amene onse afika. Chipani cha Liberal chinagonja pa zisankho za chigawo cha Victoria mu 2014, 2018 ndi 2022. Zifukwa zake n'zambiri, sindikuti ndi mipingo yokha, koma phunziro lake likuoneka: kulanda kachipinda sikulanda dziko ngati dziko lonse likuvota.

Wina angaganize kuti voti yokakamiza ndi msampha wotchera opemphera. Ayang'ane ku Brazil. Kumeneko kuvota n'kokakamiza kwa odziwa kuwerenga a zaka 18 mpaka 70, koma Akhristu a evanjeliko ali ndi mphamvu zoopsa. Kalembera wa 2022 anawapeza 26.9 pa 100, ndipo akuchulukirachulukira. Ali ndi gulu lawo lalikulu la aphungu, anathandiza kwambiri Jair Bolsonaro kupambana upulezidenti mu 2018, iye n'kuika mbusa André Mendonça ku khothi lalikulu mu 2021. Lula, wopikisana ndi Bolsonaro, pofuna kupambana mu 2022, anachita kuwalembera kalata yapadera yowatsimikizira kuti sadzatseka matchalitchi. Mphamvu zawo zachokera kuti? Ku kuchuluka. Analalikira m'makwalala ndi m'midadada ya osauka kwa zaka makumi ambiri mpaka anadzaza matchalitchi. Kaya ndikugwirizana ndi ndale zawo kapena ayi, mphamvu imeneyo anaikolola m'munda umene analima. Imene ndikuikana ndi ija yokolola chifukwa mnzako wakanika kufika.

Dandaulo la bambo aja lonena za chidakwa chimene voti yake ikufafaniza yawo ndalisinkhasinkha kwambiri, chifukwa ndi limene lili pansi pa zonse. Amene sangavote kukanakhala kofuna wekha si zidakwa kwenikweni. M'mayiko ambiri momwe kuvota n'kofuna wekha, otsalira kunyumba amachuluka pakati pa osauka, achinyamata, ochita lendi osamukasamuka, osapita patali ndi sukulu, obwera kumene osadziwa bwino chiyankhulo. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba. Masiku a chisankho akayandikira kumabwera anthu a AEC ndi bokosi lomata, n'kumayenda chipinda ndi chipinda. Ndinaona gogo wina wa zaka zoposa 90, amene supuni imamugwa m'manja, akupempha kuti timukhazike tsonga ndi kumupukutira magalasi. Anatenga mphindi zambiri kulemba manambala asanu ndi awiri, wa bungweyo atatembenuka kuti asaone, ndipo atamaliza anapinda pepalalo yekha, osalola kuti timuthandize. Boma limapita kwa gogo ameneyu, limapita kuzipatala, limatumiza magulu pa ndege zing'onozing'ono kumidzi ya Aaborijini ya m'chipululu, limatsegula malo ovotera milungu iwiri chisankho chisanafike, chifukwa silingalipiritse munthu chindapusa pa chinthu chimene lamuikira chovuta. Lamulo lokakamiza nzika limakakamizanso boma. Ku America andale amalimbana pa za kutseka malo ovotera ndi kufufuta mayina m'kaundula, chifukwa kumeneko kuchepetsa ovota kuli ndi phindu. Kuno kulibe phindu lotero.

Ndiye ndimadzifunsa: ife amene timawerenga kuti munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, amene timaphunzitsa ana athu kuti chimene wachitira mmodzi wa ang'onong'ono awa wachitira Ambuye, tingapemphe bwanji dongosolo limene phindu lake kwa ife likudalira kuti ang'onong'onowo asaonekere? Kusala kudya kwa bambo aja kuli ndi mphotho yake kwa Mulungu. Koma mnyamata wa nsapato za simenti uja amalipira msonkho, lamulo la malipiro limamukhudza, lendi ikakwera ndi iye amene amagona ndi njala, ndipo nkhondo itabuka ndi iye amene angatumizidwe. Ndiponso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Gulu lodziwa kusonkhanitsa anthu lero ndi mpingo. Mawa lingakhale gulu lodana ndi obwera, lofuna kuti anthu a khungu ngati lathu abwerere kwawo. Chimene chimatiteteza ku gulu laling'ono laukali ndi unyinji wa anthu wamba amene alibe ukali uliwonse koma afika ndithu ku bokosi.

Pali chodandaulitsa chimodzi chimene sindingachipeputse, ndipo Mmalawi aliyense wa msinkhu wanga akuchidziwa. Mawu oti "kukakamiza" pa ndale kwathu ali ndi fungo la magazi. Timakumbuka makhadi a chipani, achinyamata a chipani ataima pa geti la msika ndi pokwerera basi. A Mboni za Yehova anakana kugula makhadiwo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ndikamva kuti boma likukakamiza munthu pa za ndale, thupi langa limayamba lakana mutu usanaganize. Koma lamulo la kuno linaganizira za anthu otere. Limanena momveka kuti ngati munthu akukhulupirira kuti chipembedzo chake chimamuletsa kuvota, chimenecho ndi chifukwa chokwanira, salipira kanthu. Wa Mboni kuno amangolemba chifukwa chake pa kalata ija n'kuibweza. Khadi lija linkakukakamiza kuvomereza chipani chimodzi pamaso pa anthu. Pepala la kuno limakulola kukana onse uli wekha m'kachipinda.

Sindikunena kuti kwathu atengere lamuloli mawa. Kulipiritsa mayi wa kumudzi amene malo ovotera ali kutsidya la mtsinje, chiphaso cha unzika sanachilandire, kungakhale kulanga wosauka pa kulephera kwa boma. Chimene ndimawakumbutsa bambo aja ndi china. Iwo analipo m'dziko pa 8 March 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo anaima pa mzere pa 14 June 1993 kuvotera nyali. Nthawi imene mpingo kwathu unachita chinthu chachikulu kwambiri pa ndale, sunali kupempha kuti mawu ake alemere kuposa a ena. Unkapempha kuti aliyense, Msilamu wa ku Mangochi, wa Mboni wothawa, wosapemphera konse, aloledwe kuyankhula ndi kusankha. N'chifukwa chake anthu anaukhulupirira.

Alipo andale kuno amene akhala akufuna kuti lamuloli lichoke. Nick Minchin, amene anali seneta wamkulu wa Liberal, analimbana nalo zaka zambiri koma sizinatheke, ndipo kafukufuku wa pambuyo pa zisankho amasonyeza mobwerezabwereza kuti anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi akulifuna. Sindikuona kuti lichoka posachedwa. Nkhawa yanga ili m'matchalitchi mwathu, momwe mavidiyo a alaliki a ku America amayenda pa WhatsApp usiku ndi usana, n'kumatiphunzitsa kuona oyandikana nawo ngati adani oti tiwagonjetse pa masamu.

Bambo aja sanasinthe maganizo tsiku limenelo, ndipo tiyi anazizira tikukambirana. Koma pa 3 May paja, nditatuluka m'chipinda chovotera, ndinawapeza pa geti atavala malaya a chipani chaching'ono chachikhristu chimene amachikonda, timapepala tili m'manja. Anali ataima kuyambira 8 koloko m'mawa. Ambiri ankawadutsa, ena ankakana ndi dzanja. Ndinaona akuyankhula nthawi yaitali ndi mnyamata wina wa ndolo pamphuno, amene sindikukhulupirira kuti analowapo m'tchalitchi, akumufotokozera chifukwa chimene sukulu za mipingo ziyenera kuloledwa kulemba aphunzitsi a chikhulupiriro chawo. Mnyamatayo anatsutsa, bambowo anayankha, ndipo pomaliza anatenga kapepalako n'kulowa nako. Chipanicho sichinapeze mpando ngakhale umodzi. Chisankho cha chigawo chathu cha New South Wales chikubwera mu March 2027, ndipo andiuza kale kuti adzaimanso pa geti lomwelo.